Oregon: Mafunso ndi Mayankho pa Mbiri ya Chigawo cha Mitsinje ndi Nkhalango

Amene anaonapo zithunzi za ku Oregon amakumbukira mitengo italiitali, mapiri oyera pamwamba ndi gombe la miyala ikuluikulu yoima m'madzi. Kukongolako n'koona. Koma amene wayamba kuwerenga mbiri ya chigawochi sachedwa kuzindikira kuti pafupifupi nkhani iliyonse yaikulu kumeneko ndi ya malo ndi madzi: anali a yani, anapatsidwa kwa yani, ndipo ndani analetsedwa kupondapo.

Kodi Oregon ndi kuti?

Ndi chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la United States, ndipo chili kumpoto chakumadzulo, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Kumpoto chinachita malire ndi Washington, kum'mawa ndi Idaho, kumwera ndi California ndi Nevada. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 255,000, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 4.2 miliyoni. Likulu ndi Salem koma mzinda waukulu ndi Portland. Mapiri a Cascade anadula chigawochi pawiri. Kumadzulo kumagwa mvula yambiri ndipo anthu ochuluka amakhala m'chigwa cha mtsinje wa Willamette. Kum'mawa n'kouma, kwa ng'ombe ndi tirigu, ndipo midzi yake ili patalipatali.

Azungu asanafike, kunkakhala ndani?

Kunali mitundu yambirimbiri ya eni nthaka, uliwonse ndi chilankhulo chake: a Chinook ndi a Clatsop kumatsiriro a mtsinje wa Columbia, a Kalapuya m'chigwa cha Willamette, a Tillamook ndi a Coos kugombe, a Klamath ndi a Modoc kumwera, a Cayuse, a Umatilla, a Nez Perce ndi a Paiute kum'mawa. Zimene zinapezeka m'mapanga a Paisley zimasonyeza kuti kunali anthu zaka pafupifupi 14,000 zapitazo. Mu 1938 katswiri wofukula zakale, Luther Cressman, anapeza nkhwaira zambiri zolukidwa ndi makungwa m'phanga la Fort Rock. Zinali pansi pa phulusa la phiri lophulika, ndipo zina ndi za zaka zoposa 9,000.

Phulusalo linachokera ku phiri la Mazama, limene linaphulika zaka pafupifupi 7,700 zapitazo n'kugumukira mkati. Chidzenje chimene chinatsala chinadzaza madzi a mvula ndi chipale, ndipo lero ndi nyanja ya Crater Lake, yakuya mamita 594, yozama kuposa nyanja zonse za mu United States. A Klamath amasimbabe za nkhondo ya mizimu iwiri, Llao wa pansi ndi Skell wa kumwamba, imene inagwetsa phirilo. Makolo awo analiona likugwa, ndipo nkhaniyo yadutsa m'makutu a mibadwo yosawerengeka popanda pepala.

Chinthu china chimene anthu a kugombe anasunga m'nthano zawo ndi chivomezi chachikulu chimene chinabwera usiku, nyanja n'kusefukira kumtunda. Tsiku lake likudziwika, 26 Januwale 1700, chifukwa ku Japan analemba za mafunde aakulu amene anafika kwawo popanda aliyense kumva nthaka ikugwedezeka.

Nanga azungu oyamba anafika liti, ndipo ankafuna chiyani?

Ankafuna zikopa. Pa 11 Meyi 1792 woyendetsa sitima wa ku America, Robert Gray, analowa m'matsiriro a mtsinje waukulu n'kuutcha Columbia, dzina la sitima yake. Kenako, mu Novembala 1805, gulu la Meriwether Lewis ndi William Clark, lotumidwa ndi Pulezidenti Thomas Jefferson, linafika kunyanja podzera kumtunda. Linamanga kalinga ka Fort Clatsop n'kukhalamo mpaka Malichi 1806, mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse. M'gulumo munali mayi wachitsikana wa mtundu wa Shoshone, Sacagawea, ali ndi mwana kumsana, ndiponso York, munthu wakuda amene anali kapolo wa Clark. Pamene gulu linkasankha malo oti lithereko nyengo yozizira, maganizo a awiriwa analembedwa pamodzi ndi a ena onse. Atabwerera kwawo, anzakewo analandira malipiro ndi malo. York anabwerera ku ukapolo.

Mu 1811 kampani ya John Jacob Astor inakhazikitsa malo a malonda a Astoria. Patapita zaka zingapo malonda onse a zikopa za nyama ya m'madzi yotchedwa beaver anagwa m'manja mwa kampani ya ku Britain ya Hudson's Bay, imene mkulu wake, John McLoughlin, ankalamulira dera lonse ali ku Fort Vancouver. Zikopazo zinkakapangidwa zipewa ku Ulaya.

N'chifukwa chiyani obwera anapeza chigwa cha Willamette chili ngati chopanda anthu?

Chifukwa matenda anafika iwo asanafike. Nthomba inali itadutsa kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Ndiye kuyambira mu 1830, kwa nyengo zingapo motsatizana, kunabuka matenda a kutentha thupi ndi kunjenjemera amene akatswiri ambiri lero amati anali malungo. Anthu a kumeneko anali asanadwalepo malungo chiyambire, ndipo analibe kwinini. Midzi ya a Multnomah, a Chinook ndi a Kalapuya inapululuka. Ena amawerengera kuti m'madera ena anthu asanu ndi anayi pa khumi alionse anamwalira, moti maliro ankasowa owaika.

Nkhaniyi ndi yofunika kuidziwa, chifukwa amene anabwera pambuyo pake ankalembera abale awo kuti apeza dziko lachonde longoyembekeza khasu. Madambo otseguka amene anawasangalatsawo sanali otero mwangozi. A Kalapuya ankawatentha chaka ndi chaka kuti mizu ya camas, imene inali chakudya chawo, ikule bwino ndiponso kuti nyama zibwere. Unali munda wa eni ake, kungoti eni akewo anali atangoikidwa kumene m'manda.

Kodi ulendo wa Oregon Trail unali wotani?

Unali ulendo wa pa ngolo wa anthu obwera kudzakhala ku Oregon, wa makilomita pafupifupi 3,500 kuchokera ku Missouri, ndipo unkatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Gulu loyamba lalikulu, la anthu pafupifupi 1,000, linanyamuka mu 1843. Ngolo zinkakokedwa ndi ng'ombe ndipo zinkadzaza ufa, nyama yofutsa ndi zipangizo, choncho anthu ambiri, ndi ana omwe, ankayenda pansi. Anayenera kunyamuka msipu utangophuka kuti ng'ombe zipeze chakudya, n'kudutsa mapiri chipale chisanatseke njira.

Ambiri amaganiza kuti choopsa chachikulu chinali kumenyana ndi eni nthaka. Sizinali choncho. Chimene chinapha anthu ochuluka ndi kolera wa m'madzi oipa a m'zigono, kenako ngozi za mfuti, kumira powoloka mitsinje ndi kupondedwa ndi ngolo. Nthawi zambiri eni nthaka ndi amene ankawagulitsa nsomba, kuwalozera njira ndi kuwawolotsa. Mlendo ndi mame, timatero, sachedwa kukamuka. Alendo awa sanakamuke, ndipo chaka chilichonse kunkabweranso ena.

Zinatheka bwanji kuti dera limeneli likhale la America osati la Britain?

Kuyambira 1818 mayiko awiriwa anagwirizana kuti nzika zawo zonse zizikhalamo, nkhani ya mwini wake n'kuisiya kaye. Chimene chinadula mlanduwo ndi kuchuluka kwa ngolo. Pa 2 Meyi 1843 obwera anasonkhana ku Champoeg n'kuvota kuti akhazikitse boma lawolawo. Pa 15 Juni 1846 Britain ndi United States anasaina pangano loika malire kumpoto, pamene pali malire a Canada lero. Eni nthaka sanafunsidwe.

Chaka chotsatira chikuku chinapha ana ambiri a mtundu wa Cayuse pamene ana a azungu ankachira. Pa 29 Novembala 1847 amuna ena a mtunduwo anapha mmishonale amene analinso dokotala, Marcus Whitman, mkazi wake Narcissa ndi ena, pa mishoni imene lero ili mbali ya Washington. Zimenezi zinafulumizitsa nyumba ya malamulo ya America kukhazikitsa ulamuliro wake kuderali mu Ogasiti 1848. Amuna asanu a Cayuse ananyongedwa ku Oregon City mu Juni 1850. Pa 14 Febuluwale 1859 dera la Oregon linakhala chigawo cha nambala 33.

Dzina la Portland linapezeka poponya khobidi mu 1845. Asa Lovejoy ankafuna Boston, kwawo. Francis Pettygrove ankafuna Portland, mzinda wa kwawo ku Maine, ndipo khobidi linagwera iye.

Obwerawo malo ankawagula?

Ayi, ankapatsidwa ulere. Lamulo la 1850 linapereka maekala 320 kwa mwamuna wachizungu aliyense amene anali kale kuderali, ndipo banja linkalandira maekala 640, theka lake m'dzina la mkazi. Chodandaulitsa n'chakuti boma linkagawa malowa lisanamalize n'komwe mapangano ndi eni ake. Mapangano angapo amene mafumu anasaina mu 1851 sanavomerezedwe ku likulu la dziko, Washington, D.C., koma anthu anali atalima kale.

Kumwera, golide atapezeka, nkhanza zinafika poipa. Nkhondo ya ku Rogue River ya 1855 mpaka 1856 inayamba pamene gulu la azungu linaukira mudzi wina m'bandakucha n'kupha anthu ambiri, mwa iwo amayi, ana ndi okalamba. Nkhondoyo ili mkati komanso itatha, asilikali anasamutsa mitundu ya kumwera ndi kugombe kupita kumalo awiri amene boma linapatula, Grand Ronde ndi Siletz. Ochokera ku Table Rock, kumwera kwa Oregon, anayenda pansi masiku 33 m'nyengo yozizira. Anthu a zilankhulo zosiyana, ena amene sankamvana n'komwe, anawaunjika pamodzi.

Kodi n'zoona kuti anthu akuda ankaletsedwa kukhala ku Oregon?

N'zoona, ndipo sizinali zongonong'onezana, zinalembedwa m'malamulo. Mu 1844 boma la obwera lija linaletsa ukapolo, koma m'lamulo lomwelo linalamula kuti munthu wakuda aliyense womasuka achoke, ndipo wokana azikwapulidwa zikoti zosapitirira 39 miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Chilango cha zikoticho chinasinthidwa chisanagwire ntchito, koma uthenga unamveka. George Washington Bush, munthu wakuda wopeza bwino amene anabwera ndi ngolo chaka chomwecho, anaona kuti n'kwabwino kuwoloka Columbia n'kukakhala kumpoto, kumene lamulolo silinkafika. Mu 1851 Jacob Vanderpool, amene ankachita bizinesi, anazengedwa mlandu wokhala m'derali ali wakuda ndipo anathamangitsidwa.

Mu Novembala 1857, povomereza malamulo aakulu a chigawo chatsopano, ovota anafunsidwa mafunso awiri apadera. Pa ukapolo, 7,727 anakana ndipo 2,645 anavomera. Pa funso lakuti anthu akuda omasuka aziloledwa kukhalamo, 8,640 anakana ndipo ovomera anali 1,081 okha. Ziwerengero zimenezi zimanena zonse. Ambiri sanakane ukapolo chifukwa chomvera chisoni akapolo, koma chifukwa sankafuna kuona munthu wakuda pafupi, kaya womangidwa kaya womasuka. Ndime imeneyo inafafanizidwa mu 1926, ndipo mawu ena atsankho anakhalabe m'malamulowo mpaka 2002. M'zaka za m'ma 1920 gulu la Ku Klux Klan linali ndi mphamvu zambiri pa ndale za chigawochi. Mpaka lero anthu akuda ndi pafupifupi awiri okha pa 100 alionse.

Komabe alipo amene anakana kugonja. Letitia Carson anafika mu 1845 ndi mwamuna wachizungu, David Carson. Bamboyo atamwalira mu 1852, woyang'anira chuma cha masiye anagulitsa zonse, mayiyo ndi ana ake awiri osapatsidwa kanthu. Anakasuma kawiri, ndipo kawiri konse, mu 1855 ndi 1856, bwalo la azungu okhaokha linamukomera. Pambuyo pake anapeza malo akeake m'dzina lake. Mayi ameneyu ayenera kutchulidwa paliponse pamene akutchula oyambitsa chigawochi.

Mfumu Joseph anali ndani?

Anali mtsogoleri wa a Nez Perce a m'chigwa cha Wallowa, kumpoto chakum'mawa. Pangano la 1855 linawasiyira chigwacho. Golide atapezeka, boma linabwera ndi pangano lina mu 1863 limene linadula pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a malo awo. Bambo ake a Joseph anakana kusaina, ndipo asanamwalire analangiza mwana wawo kuti asadzagulitse nthaka imene muli mafupa a makolo ake.

Mu 1877 mkulu wa asilikali, Oliver Howard, anawapatsa masiku 30 kuti asamuke. Ali m'njira, anyamata ena anapha azungu pobwezera imfa za abale awo, ndipo nkhondo inabuka. Anthu pafupifupi 800, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba, anathawa ndi mahatchi awo mtunda wa makilomita pafupifupi 1,900 kudutsa Idaho, Wyoming ndi Montana, akumenyana ndi asilikali m'njira. Pa 5 Okutobala 1877 Joseph anagonja pafupi ndi mapiri a Bear Paw, kutatsala makilomita 65 okha kuti afike ku Canada. Asilikali anawalonjeza kuti abwerera kufupi ndi kwawo, koma anawatumiza ku Kansas ndi Oklahoma, kumene ambiri anafa ndi matenda. Joseph anapempha mpaka kwa Pulezidenti kuti abwerere ku Wallowa. Anamwalira mu 1904 ku Nespelem, m'chigawo cha Washington, asanaloledwe.

Amayi anayamba liti kuvota?

Mu 1912, zaka zisanu ndi zitatu dziko lonse lisanavomereze. Amuna anakana kasanu, mu 1884, 1900, 1906, 1908 ndi 1910. Amene anatsogolera nkhondoyi kwa zaka 40 ndi Abigail Scott Duniway, amene anabwera ndi ngolo mu 1852, mayi ake n'kumwalira ndi kolera m'njira. Wotsutsana naye wamkulu anali mlongo wake weniweni, Harvey Scott, mkonzi wa nyuzipepala ya The Oregonian. Chilengezo cha chipambanocho Duniway anachilemba ndi dzanja lake ali ndi zaka 78.

Kodi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inafika ku Oregon?

Inafika. Mu Juni 1942 sitima ya ku Japan yoyenda pansi pa madzi inaombera linga la Fort Stevens. Mu Sepitembala chaka chomwecho woyendetsa ndege Nobuo Fujita anaponya mabomba m'nkhalango pafupi ndi Brookings kuti ayatse moto, koma nkhalango inali yonyowa. Patatha zaka 20 anthu a ku Brookings anamuitana. Anabwera mu 1962 n'kupereka kwa mzindawo lupanga la makolo ake la zaka 400, ngati chizindikiro cha mtendere.

Ku Bly zinthu sizinathe choncho. Pa 5 Meyi 1945 Elsie Mitchell, mkazi wa m'busa amene anali woyembekezera, anapita kukayenda kutchire ndi ana asanu a Sande sukulu. Anapeza chibaluni chimene mphepo inauluza kuchokera ku Japan, chili ndi bomba. Linaphulika ndipo onse asanu ndi mmodzi anafa. Boma linkadziwa za zibalunizo koma linali litapempha nyuzipepala kuti zisalembe.

Mu 1942 anthu a mtundu wa Chijapani, ambiri mwa iwo obadwira mu America momwemo, anawatsekera m'makola a chionetsero cha ziweto ku Portland asanawatumize kumisasa monga wa Minidoka ku Idaho. Loya wachinyamata wobadwira ku Hood River, Minoru Yasui, anaswa dala lamulo lowaletsa kuyenda usiku n'kukadzipereka kupolisi kuti nkhaniyo ifike kukhoti. Anakhala m'chitokosi cha yekha miyezi isanu ndi inayi.

Mzinda wa Vanport unapita kuti?

Unakokoloka tsiku limodzi. Unamangidwa mofulumira mu 1942 kuti mukhale ogwira ntchito m'mafakitale opanga sitima a Henry Kaiser, ndipo unafika pa anthu pafupifupi 40,000, kukhala mzinda wachiwiri kukula m'chigawo chonse. Anthu akuda zikwi zingapo amene anabwera kudzagwira ntchito anakhala kumeneko chifukwa ku Portland eni nyumba sankawalandira, kupatula m'kadera kamodzi. Ana akuda ndi oyera ankaphunzira m'kalasi imodzi, chimene chinali chachilendo nthawi imeneyo.

Vuto linali malo ake. Unali m'dambo lotsika kuposa mtsinje wa Columbia, lozunguliridwa ndi makoma a dothi. M'mawa wa pa 30 Meyi 1948, mtsinje utadzaza, anthu anapeza timapepala pakhomo towatsimikizira kuti makoma ali bwino ndipo adzachenjezedwa nthawi ikadalipo. Itangopitirira 4 koloko madzulo, chimulu chimene panadutsa njanji chinagumuka. Nyumba zamatabwa zinayandama ngati mabokosi. Anthu 15 anafa ndipo oposa 18,000 anatsala opanda pogona. Mabanja akuda anakankhidwira kudera la Albina. Chinthu chimodzi chimene chinapulumuka ndi koleji yaing'ono imene inayambira ku Vanport mu 1946 kuthandiza asilikali obwera kunkhondo. Lero ndi yunivesite ya Portland State.

Kodi mathithi a Celilo anali chiyani, ndipo bwanji anthu amawatchulabe ndi chisoni?

Mwa zonse zolembedwa pano, iyi ndi imene imandikhudza kwambiri. Pa Celilo, kum'mawa kwa mzinda wa The Dalles, mtsinje wonse wa Columbia unkapanikizika pakati pa miyala n'kugwa ndi mkokomo womveka kutali. Eni ake ankati Wyam. Nsomba za salimoni zimabadwira m'timitsinje ta kumapiri, zimapita kunyanja kukakula, kenako zimabwerera kudzaikira mazira pamalo pomwe zinabadwira. Kale zinkakwera Columbia zokwana 10 mpaka 16 miliyoni pachaka, ndipo pa mathithiwo zinkachita kudumpha.

Asodzi ankamanga nsanja zamatabwa zolendewera pamwamba pa madzi. Munthu ankadzimanga chingwe m'chiuno n'kumaviika ukonde wa pamtengo wautali m'thovu. Malo oimapo anali a banja, ochoka kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo mfumu ya nsomba ndi imene inkanena nthawi yoyamba ndi yolekeza, kuti zina zidutse zikaswane ndiponso kuti a kumtunda apezeko. Nsomba yoyamba ya chaka sinkadyedwa mwachisawawa, ankayamba aichitira mwambo woyamika. Amayi ankatumbula, kuyanika ndi kusinja nsombazo, n'kuzisunga m'madengu momwe zinkatha chaka zisanaonongeke. Anthu ankachokera kutali kudzasinthanitsa zikopa za njati, mikanda ndi mahatchi. Kunali msika, kachisi ndi bwalo la zibwenzi pamalo amodzi, ndipo zinakhala choncho kwa zaka zoposa 10,000.

Mapangano a 1855 analonjeza a Yakama, a Umatilla, a Warm Springs ndi a Nez Perce kuti adzapitiriza kusodza pamalo awo a nthawi zonse. Koma boma linkafuna magetsi ndiponso njira ya mabwato onyamula tirigu. Mfumu ya ku Celilo, Tommy Thompson, wokalamba kwambiri pa nthawiyo, anakana mpaka mapeto. M'mawa wa pa 10 Malichi 1957 zitseko za damu la The Dalles zinatsekedwa. Anthu anaima pamtunda n'kumaonerera madzi akukwera, kumeza nsanja, kumeza miyala, ndipo pasanathe maola ambiri mkokomo uja unazima. Boma linapereka chipukuta misozi cha madola 26.8 miliyoni. Sindikhulupirira kuti pali amene angawerengere mtengo wa chinthu chimene chinadyetsa anthu kwa zaka 10,000 ndipo chikanapitiriza kuwadyetsa.

Ufulu wosodza sunamire nawo. Mu 1969, pa mlandu umene anayambitsa David Sohappy ndi anzake, woweruza Robert Belloni anagamula kuti mitunduyi iyenera kulandira gawo loyenera la nsomba za mumtsinjewo. Mudzi waung'ono wa Celilo ulipobe, ndipo mwambo wa nsomba yoyamba umachitika chaka chilichonse pafupi ndi madzi odikha amene pansi pake pali mathithi.

Nanga nkhalango zija?

Kwa zaka zambiri matabwa ndiwo anali msana wa chuma, ndipo matauni ambiri anamangidwa mozungulira macheka. Mu Ogasiti 1933 moto unabuka pamalo odula mitengo n'kutentha nkhalango yakalekale ya Tillamook. Unabweranso mu 1939, 1945 ndi 1951, zaka zisanu ndi chimodzi zilizonse, ndipo yonse pamodzi inatentha maekala 355,000. Anthu anavota kuti boma likongole ndalama zobzalira, ndipo mbande zoposa 72 miliyoni zinabzalidwa ndi manja, zina ndi ana asukulu amene ankabwera pa mabasi. Mu 1973 phulusa lija linatchedwa nkhalango ya boma ya Tillamook.

Mu 1990 kadzidzi wamawangamawanga amene amakhala m'mitengo yakale yokha anaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi. Pafupifupi theka la nthaka ya Oregon ndi la boma lalikulu la United States, choncho kudula mitengo kutachepetsedwa mu 1994 macheka ambiri anatsekedwa. Mitengo ya zaka mazanamazana inapulumuka, ndipo n'zoyenera kuti inapulumuka, koma mabanja a m'matauni ang'onoang'ono ndi amene analipira. Mkwiyo wa anthu akumidzi pa anthu a ku Portland, umene umaonekabe pa chisankho chilichonse, mbali yake ina inachokera pamenepo.

N'chifukwa chiyani Oregon amatchuka ndi malamulo oteteza chilengedwe?

Makamaka chifukwa cha nthawi ya bwanamkubwa Tom McCall, kuyambira 1967 mpaka 1975. Kale mu 1913 bwanamkubwa Oswald West anachititsa kuti gombe lilembedwe ngati msewu wa boma. Mu 1966 mwini hotela wina ku Cannon Beach anatchinga mchenga wa kutsogolo kwake kuti ukhale wa alendo ake okha, ndipo anthu anakwiya. Lamulo la 1967 linatsegula gombe lonse, makilomita oposa 580, kwa aliyense. Mu 1971 chigawochi chinakhala choyamba kulamula chikole pa mabotolo ndi zitini za zakumwa, masenti 5, amene anakwera kufika 10 mu 2017. Mu 1973 mzinda uliwonse unalamulidwa kulemba malire okulira kuti nyumba zisadye minda. Ndi chigawo chomwechi chimene chinayamba kulola odwala kayakaya kupempha mankhwala othetsera moyo, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 1997 ndipo limagawabe anthu, komanso chimene mu 1998 chinasankha kuti mavoti onse azidzera pa positi.

Eni nthaka aja alipobe?

Alipo, ngakhale boma linayesa kuwafafaniza ndi cholembera. Mu 1954 nyumba ya malamulo ya America inalengeza kuti siikuzindikiranso a Klamath ndi mitundu pafupifupi 60 ya kumadzulo kwa Oregon. A Klamath, amene nkhalango zawo zinkawapezetsa bwino, anataya malo awo. A ku Grand Ronde anatsala ndi manda okha, ndipo ntchito yomenyera kuti azindikiridwenso inkachitikira m'kanyumba ka kumandako. A Siletz anabwezeredwa mu 1977, a Grand Ronde mu 1983, a Klamath mu 1986, ngakhale nkhalango zawo sizinabwerere. Lero ku Oregon kuli mitundu isanu ndi inayi yozindikiridwa, iliyonse ndi boma lake.

Pa mtsinje wa Klamath, umene umayambira ku Oregon n'kukathira m'nyanja ku California, madamu anatsekera nsomba njira kwa zaka zoposa 100. Mu 2002 nsomba zoposa 30,000 zinafera kumunsi kwa mtsinjewo madzi atachepa ndi kutentha. A Klamath, a Yurok ndi a Karuk anamenyera nkhaniyi zaka 20, m'makhoti, m'misewu ndi m'misonkhano ya eni kampani ya magetsi. Pofika Okutobala 2024 madamu anayi anali atagumulidwa: J.C. Boyle ku Oregon, ndi Copco 1, Copco 2 ndi Iron Gate ku California. Mwezi womwewo akatswiri a za nsomba anaona salimoni m'kamtsinje kena kumtunda kwa pamene panali damu la J.C. Boyle, itasambira makilomita pafupifupi 370 kuchokera kunyanja. Inali yoyamba kuoneka mbali ya Oregon ya mtsinjewo chichokereni 1912.